Nyali ya Lufeyo

Inu oyenda ndi zipewa kumutu ndi timawaya m'makutu, tasenderani kuno. Mukapeza masamba aawisi atayalidwa chopingasa pamsewu, ndiye kuti pafupi pali maliro. Wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula. Izi ndi mwana yemwe amazidziwa. Medisoni wa ku Bangwe ankazidziwanso, kungoti mtima wake unali wouma gwa, ndipo lero mumva kumene unakamufikitsa.

Medisoni anali ndi kontena yake kumunsi kwa msika. Ankatchaja mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemore, ndipo kuseri kwa katani kunali kompyuta imodzi yokhala ndi mapadi awiri, tija togwira m'manja posewera. M'kompyutamo munali gemu ina imene dzina lake lachizungu linakanika aliyense, anthu n'kumangoitcha Kuphompho. Munthu wako wa m'gemumo amatsikira pansi pa nthaka, nsanjika khumi, akudutsa misampha ndi zilombo mumdima. Ukafika pansi penipeni n'kupha chimene chili kumeneko, gemu imalemba dzina lako pakhoma. Ku Bangwe konse kunalibe amene anafikako.

Pakhonde pa kontenayo pankakhala Lufeyo, wosoka nsapato, munthu woti ukamuponda phazi amayamba ndi iyeyo kupepesa. Ntchito ikachepa masana ankalowa, awiriwo n'kumasewera limodzi, wina padi iyi wina iyo, miyezi ndi miyezi akutsika pang'onopang'ono. Medisoni anali wa zala zothamanga, wolowa paliponse ndi mutu. Lufeyo anali wa kope. Munthu wake akaphedwa sankatukwana ayi, ankangotulutsa kope lothimbirira ndi polishi n'kulemba chimene chamupha.

Kope limenelo ndi limene linabala chidani. M'menemo munalembedwa kuti usalowe m'chipinda chothamanga, uponye mwala kaye. Mwala wapansi wosalala kuposa anzake ndi msampha. Mikondo ya m'khoma imatuluka katatu n'kupuma, ndiye uziwerenga, udutse popumapo. Bokosi lokhala lokha pakati pa chipinda lili ndi mano. Mafupa oyenda samva lupanga, uwaphwanye ndi chibonga, ndipo uwadikirire pakhomo lopapatiza kuti azibwera mmodzimmodzi. Odzaonerera ankanena poyera kuti popanda Lufeyo, Medisoni sakanadutsa ndi nsanjika yoyamba yomwe. Mawu amenewo ankamuwawa Medisoni. Kontena yake, kompyuta yake, magetsi ake, koma ulemu n'kumapita kwa munthu wonunkha guluu.

Lachiwiri lina anafika pa nsanjika yotsala imodzi kuti afike pansi. Lufeyo anatsogola ndi nyali, n'kuchenjeza mnzake kuti asaponde mwala wosalala umene unali kumanzere. Medisoni anauyang'ana mwalawo, n'kumuyang'ana Lufeyo, n'kuuponda dala. Pansi panatseguka, munthu wa Lufeyo n'kugwera m'dzenje, nyali n'kutsalira m'mphepete. Sanafe. Anali pansipo mwendo utathyoka, akuyang'ana kumwamba. Chingwe chinali m'thumba la munthu wa Medisoni, koma iye anangotola nyali, n'kusunga gemu pomwepo kuti zisasinthikenso. Anati pakhoma paja palembedwe dzina limodzi, osati awiri.

"Achimwene," anatero Lufeyo motsitsa mawu, "kopeli likuti mnzako akagwa usamusiye pansi. Munditulutse."

"Kope lakolo likutulutse."

Lufeyo anaika padi pansi n'kutuluka. Analongedza zida zake pakhonde n'kumapita. Kope analiiwala pabenchi, ndipo Medisoni analikhalira mpaka mwini wake atakhota pakona. M'mawa mwake pakhonde panalibe munthu. Lachinayi kunamveka kuti Lufeyo ali kuchipatala, malungo amulowa kumutu, ndipo Loweruka m'mawa anatisiya.

Masana omwewo kunabwera Elube, mlongo wake wa malemu, maso ali psuu. Anati kuchipatala kuja mchimwene wake sankazindikiranso munthu, koma chinthu chimodzi ankachibwereza mpaka mawu kutha: kuno kuli mdima, nyali anatenga a Medisoni, mukawauze anditulutse. Elube za gemu sankazidziwa, ankangoyesa kuti ndi nyali yeniyeni. Anapempha kuti nyaliyo ndi kope zibwezedwe lisanafike tsiku lometa, pamene abale amasonkhana kutsiriza maliro, kuti malemu agone bwino. Medisoni anayankha kuti iye si wosunga katundu wa akufa, ndipo zobwebweta za malungo asabwere nazo pamalo a bizinesi. Elube anangonena kuti iye uthenga watula, n'kumapita.

Maliro anali Lolemba. Nyumba ya Lufeyo inali kuseri kwa kontena, ndiye masamba anawayala pamsewu pamaso penipeni pa chitseko cha Medisoni. Msika wonse wa kumunsiko unatseka. Wometa anatseka, wamakala anatseka, ndi mayi wa kachasu yemwe anatseka. Medisoni anatulukira chipewa chili kumutu, n'kuwakankhira masambawo mungalande ndi phazi, ati akutsekereza makasitomala. Anatsegula kontena, n'kuyatsa gemu, n'kukweza masipika mpaka kubangula kwa zilombo kunasakanikirana ndi nyimbo za amayi a kumpingo. Abale inu, anthu oipa ndawaonapo, koma uyu anaonjeza.

A Jailosi, mkulu wa adzukulu okumba manda, anafika dothi lofiira lili mpaka m'mawondo. Sanakalipe. Anangopempha kuti atseke pang'ono pokha, bokosi lidutse. Medisoni anayankha ali chogada pampando kuti wakufa samva phokoso, ndipo amene akufuna kulira akalirire kutali.

"Chabwino, bwana," anatero a Jailosi. "Tsiku lanu khasu tidzakubwerekani, koma mudzakumba nokha."

Lachiwiri m'mawa Medisoni anapeza padi yachiwiri ili pabenchi pamene Lufeyo ankakhala. Iye anali ataitsekera m'dirowa, ndipo kiyi anagona nayo m'thumba. Waya wake unali wokulungidwa bwinobwino, monga mmene malemu ankakulungira ulusi wosokera nsapato. Atainyamula anaimva kufunda. Anaiponyanso m'dirowa, n'kudziuza kuti ndi kutentha kwa malata. Tochi yake imene inkakhala pamsomali sinapezeke. Babu la kuseri kwa katani linaphulika, anaika lina, n'kuphulikanso. Ndiye ankasewera mumdima dzuwa lili paliwombo, kuwala kwake kuli kwa sikirini kokha.

Koma kope linkagwira ntchito, ndipo n'zimene zinamulimbitsa mtima. Linati chilombo chakhungu cha pa nsanjika imeneyo chimatsata phokoso, uziyenda chokwawa. Anakwawa, n'kuchidutsa chikununkhiza khoma. Linati akangaude aakulu amaopa moto, koma mafuta a nyali usawawononge pa tiana tawo. Linati mankhwala usamwere kabala kakang'ono, usungire tsiku loipa. Zonse zinayenda monga zinalembedwera. Chokhacho, nthawi iliyonse akamakwawa mwakachetechete ankamva kuti go, go, go, kenako zii. Go, go, go, kenako zii. Anayesa kuti ndi mikondo ya m'khoma ija, koma atatsitsa masipika mpaka kumapeto, phokoso linapitirira. Linkachokera pakhonde, ndipo linali la kahamala kokhomera misomali ya nsapato. Atasuzumira anangoona mbuzi ikubudula pepala.

Lachitatu kunabwera mayi wina wachilendo, wa chitenje chofiira, kudzafunsa nsapato zake. Anati wazisiya m'mawa womwewo kwa bambo wosoka wa pakhondepo, wowonda, wosalankhulalankhula, amene wamuuza kuti adzazitenge mkati. Medisoni anamukalipira kuti asamusokoneze, wosoka nsapato anamuika m'manda dzana. Mayiyo sanatsutse. Anangoloza pansi pa kauntala. Nsapato zinali pomwepo, zosokedwa bwino, guluu asanaume, ndipo mu ulusi munali timibulu ta dothi lofiira. Mayiyo anazinyamula ndi nsonga za zala n'kutuluka osatsanzika.

Madzulo a tsiku limenelo Felesiya, mkazi wake wa Medisoni, anamugwadira. Iye kumaliro anapitako, koma amayi anzake anamukaniza kugwira mthiko, ndipo pamene anakhala, oyandikana naye anasendeza mikeka yawo. Anauza mwamuna wake kuti mawa ndi tsiku lometa. Za dzenje la m'gemu lija anali atazimva kwa odzaonerera, ndiye anamupempha kuti atsitse chingwe m'dzenjemo, amutulutse munthu wa Lufeyo, apereke nyali, kope akalitule kwa Elube ndi manja awiri. N'chiyani chimene chingamuchoke? Medisoni anati mawa lomwelo akutsiriza gemu, ndipo dzina lake likangolembedwa, kopelo atenge akakulungire mandasi. Felesiya anafunsa kuti nanga tsamba likusuzumira m'kopemo waikamo ndani. Medisoni anatsegula, n'kupezadi tsamba la mango laliwisi, lothyoledwa kumene.

Tisaname, mantha anali nawo. Chakudya chinamukanika, ndipo fungo la guluu linkamutsata ndi kubafa komwe. Koma akaganiza za anthu a pamsika akuwerenga mayina awiri pakhoma paja n'kumati taonani, mpaka wakufa wachita kumuthandiza, magazi ankamuwira. Anakukuta mano n'kutaya tsambalo pawindo.

Lachinayi, nthawi imene abale a Lufeyo ankasonkhana kuseri, mtambo wakuda unatsika kuchokera kuphiri. Mvula inayamba cha m'ma 12 koloko, yamkokomo, yoti pamalata a kontena sungamve mnzako. Magetsi anathima dera lonse. Mafoni anasiya kutchaja, firiji ya golosale yoyandikana inakhala chete, koma kompyuta ya kuseri kwa katani inali chiyakire. Munthu wanzeru akanathawa osatseka ndi chitseko chomwe. Medisoni anati ndi mwayi, n'kukokera mpando pafupi.

Njira yopita ku masitepe otsiriza inkadutsa padzenje paja, panalibenso kolambalala. Masiku onsewa ankapazemba, n'kumangozungulira zipinda zina. Anayenda mokhulana ndi khoma, maso kutsogolo, koma atafika pakamwa pa dzenje sanathe kupirira, anaunikamo. Munalibe munthu. M'makoma a dzenjelo munali mikwingwirima ya zala kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo m'mphepete munali dothi lofiira. M'gemu yonseyo, kuyambira nsanjika yoyamba, miyala inali yakuda yokhayokha.

Anatsika masitepe zala zikuterera pamabatani. Pansi anapeza mafupa oyenda asanu, n'kuwadikirira pakhomo lopapatiza, n'kuwaphwanya ndi chibonga mmodzimmodzi. Anawerenga mikondo katatu n'kudutsa popuma. Bokosi la pakati pa chipinda analilambalala. Kenako anafika pakhomo lotsiriza, lalikulu, lotsegukira mumdima, ndipo pamaso pake panayalidwa masamba. Anali masamba a mango aawisi, chopingasa, kuchokera khoma ili mpaka ilo.

Anavundukula kope tsamba ndi tsamba, koma za masamba munalibe. Anaponya mwala, mwala n'kugwera pamasambapo popanda chochitika. Dzanja lake lomwe, lija la thupi, linanyamuka lokha mpaka kukagwira mlomo wa chipewa. Analiyang'ana, n'kulibweza papadi. Anadina batani, munthu wake n'kuponda masamba aja n'kulowa.

Chipinda chotsirizacho chinalibe makoma ooneka. Munali chinthu chimene chinkapuma. Chikakoka mpweya, lawi la nyali linkawerama kulowera kwa icho, chikatulutsa, lawi n'kubwerera. Medisoni sanachione chonse ayi. Anaona kachigawo chabe m'mphepete mwa kuwala, ngati chigongono, koma chili pamalo poti chigongono sichikhala. Anadina kuti asolole lupanga lalikulu logwira ndi manja awiri. Munthu wake anaika nyali pansi, ndipo lawi linayamba kuzima. Anatolanso nyali msangamsanga, lupanga n'kubwerera kumsana. Anayesa kachiwiri, zomwezo. Ndi nyali sangamenye, ndi lupanga sangaone, ndipo kupuma kuja kunali kukusendera.

Anatsegula kope kumapeto. Tsamba lotsiriza analionapo kambirimbiri lili loyera, koma tsopano panali mzere umodzi wa zilembo zopendekeka za Lufeyo, utadetsedwa ndi chala chadothi. Unati: Ichi sichiphedwa ndi munthu mmodzi. Wina agwire nyali.

Benchi inalira kuti kwee, monga imachitira munthu akakhalapo. Medisoni sanacheuke. Kumanja kwake anamva mabatani a padi yachiwiri akudinidwa pang'onopang'ono, mopanda phuma. Pasikirini, pakhomo paja, panalowa munthu akutsimphina, wofiira ndi dothi kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anadzaima pambali pa munthu wa Medisoni n'kutambasula dzanja.

Apa m'pamene kuuma mtima kunamuthera. Misozi inatuluka, ndipo pamodzi ndi mantha anamva chimwemwe, poganiza kuti munthu wofatsa uja wabwera kudzamuthandiza monga mwa masiku onse.

"Achimwene Lufeyo, gwirani nyali, ine ndimenye," anatero Medisoni. "Mayina akhale awiri. Ndavomera."

Anadina batani lopereka. Munthu wadothiyo analandira nyali ndi manja awiri, mwaulemu. Anaikweza n'kuunika nkhope ya munthu wa Medisoni kwa kanthawi. Kenako anatembenuka, n'kuyamba kutsimphina kulowera kukhomo. Anaima pamasamba paja, n'kuwerama pang'ono, n'kudutsa. Kuwala kunayamba kukwera masitepe, sitepe imodzi, ina, kukuchepa.

Medisoni anadina mabatani onse, koma mumdimamo khomo silinkapezeka. Anaitana achimwene, anaitana bambo, analonjeza kukagwada pamanda, kutseka kontena sabata yathunthu, kusenza madzi a pamaliro onse a ku Bangwe. Pomaliza anangotsala ndi liwu limodzi, lomwe lija analiseka, lakuti munditulutse. Pafupi ndi khutu lake panafika fungo la guluu, ndipo mawu ofatsa anamuyankha.

"Kope muli nalo, achimwene."

Kadontho kotsiriza ka kuwala kanazimirira pamwamba pa masitepe. Sikirini inada bii. Mvula inali itasiya, ndipo m'kontenamo munali zii, kupatula kupuma kuja. Sikunkachokeranso m'masipika.

Kuti anakhala nthawi yaitali bwanji mumdimamo, Medisoni sanadziwe. Anangozindikira ali panja, dzuwa likuwala, matope atauma kale. Mutu unali wopepuka. Anapatsa moni wometa, wometa osayankha. Anapatsa moni wamakala, wamakala n'kupitiriza kuthira makala m'jumbo. Medisoni anati m'mtima mwake, ndi za maliro zija, achite zimenezo, mkwiyo wa pamsika sukhalitsa. Anaganiza zopita kunyumba kukauza Felesiya kuti wagonja, atenge kope apite limodzi kwa Elube.

Atakhota panjira ya kwawo anaona masamba. Anali ochepa, oyalidwa mokhotakhota, ntchito ya munthu mmodzi yekha. Anali pamaso pa geti yake. Wakabaza anadutsa pomwepo osatsika, belu lili ngiringiri. Mnyamata wa chipewa chofiira anawaponda akuimba mluzu. Pagolosale ya kutsidya wailesi inali pamwamba, ndipo pansi pa mtengo a Jailosi ndi adzukulu awo ankasewera bawo, osatukula ndi maso omwe.

M'nyumba munkamveka kulira kwa munthu mmodzi. Medisoni anaima pageti n'kumvetsera, kudikira kuti mawu ena alowerepo monga amachitira amayi pamaliro, wina akatopa wina n'kulandira. Palibe amene analandira. Felesiya ankalira mpaka mpweya kumuthera, n'kupuma, n'kuyambanso yekha. Pabwalo panalibe moto, panalibe mkeka, panalibe ndi mpando umodzi womwe.

Medisoni anavula chipewa. Anachigwira pachifuwa ndi manja awiri, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti wina aone, koma panalibe amene anamuona. Pakhoma pafupi ndi chitseko panatsamiritsidwa khasu, mpini wake wosalala ndi manja a adzukulu. A Jailosi sananame, anabwereketsadi.

Ya ine yathera pamenepa, yotsalayo mukafunse amayi otola nkhuni kumanda a kuphiri. Amati masana dzuwa likaswa mtengo kumamveka khasu limodzi kuseri kwa mitengo, likukumba katatu n'kupuma, katatu n'kupuma, ndipo mpaka lero dzenjelo silinathe.